Magazi Pansi pa Firiji

Lachiwiri limenelo ntchito za Esitere zinali zomwe zija: kutunga madzi pakiyosiki mzere usanatalike, kuchapa matewera a Gracious, kukanda ufa wa mandasi, kukoleza mbaula, kukazinga, kusesa pakhomo, kenako kusenza beseni mpaka pamsewu wa Chinamwali pomwe amaima anyamata a kabaza. Zonsezo anachita, sanadumphe ngakhale imodzi. Koma panawonjezekera ntchito ziwiri zomwe sanazipemphe kwa munthu: kutola magalasi a windo lomwe anthu anagenda dzulo lake, ndi kukapereka chakudya kupolisi, komwe mwamuna wake Gilson anali m'chitokosi.

Pamsewupo mandasi anazizirira m'beseni. Anyamata omwe tsiku lililonse ankalimbirana otentha, lero anali kalikiliki kupukuta njinga zopukuta kale. Mmodzi analankhula maso ali kumwamba, koma mokweza kuti mwini wake amve.

"Mandasi ndi abwino, koma mafuta ake sitikuwadziwa."

Anzake anafa nalo phwete. Esitere anavundikira beseni, namanga nsalu ya mwana mwamphamvu mpaka Gracious anadandaula kumbuyoko.

Chinali chaka chija cha anamapopa, pamene munthu ukangonyamula chikwama chachilendo unkayenda ukucheukacheuka. Gilson sankanyamula chikwama. Ankanyamula tsache ndi chokolopera pa labu ina yaing'ono, nyumba yakale ya njerwa m'munsi mwa phiri, momwe dokotala wina ankachitiramo kafukufuku. Lolemba m'mawa kunapezeka kuti kabokosi kena kasowa m'firiji ya pa labupo. Masana apolisi anamutenga. Pofika madzulo Chinamwali yense anali atadziwa kale kuti m'kabokosimo munali ziwalo za anthu, ndipo ena ankatchula ndi ogula omwe.

* * *

Wofufuza mlanduwo anali a Dickson, wapolisi wovala zawamba, wa tayi yolekezera pamwamba pa mchombo ndi mawu otopa ngati a munthu amene anamva kale mabodza onse a mu Zomba.

"Mwachangu, mayi. Osalira, osakuwa."

"Sindinabwere kudzalira, bwana."

Gilson anatuluka wopanda nsapato, wopanda lamba, atagwira thalauza ndi dzanja limodzi.

"Amake Gracious, mwana ali bwanji?"

"Mwana ali bwino. Lafa ndi windo. Tandiuzeni zonse, abambo, osasiya kanthu. Loweruka munapita kukatani kuntchito?"

"Monga mwa nthawi zonse. Magetsi akavuta chonchi ndimakaona ngati jenereta ili ndi mafuta. Firiji ija siyenera kuzima."

"Munaitsegula?"

"Ine? Sindiloledwa ndi kuigwira komwe. Ndinangokolopa basi, n'kupita ku ukwati wa kwa a Henderson."

"Kukolopa Loweruka? Lachisanu simunakolope?"

Gilson anayang'ana a Dickson, kenako anayang'ana zala za kumapazi. "Panali madzi. Kuyambira pansi pa firiji mpaka kukhomo, madonthomadontho. Ofiirira, ngati magazi osungunuka."

"Ndiye zimenezo munawauza apolisi?"

"Anandifunsa."

"Mayo ine! Chaka chino, abambo? Munthu kutchula magazi ndi pakamwa pako, anthu akumva?"

A Dickson anagogoda tebulo ndi cholembera. "Mayi, makiyi a chipinda chimenecho alipo atatu. Adokotala anali ku Blantyre kumsonkhano kuyambira Lachinayi, tafufuza. A Henderson, oyang'anira ofesi, ankakwatitsa mwana wawo ku Sadzi, ndipo theka la Zomba linawaona akuvina. Watsala ndani? Amene wavomera yekha kuti analowa, n'kufufuta magazi."

"Anakolopa. Ndi ntchito yake."

"Ine ndalemba kuti anafufuta."

Esitere anaika kontena ya chakudya patebulo, pang'onopang'ono, kuopa kuti akaiika mmene mtima unkafunira iphulika.

"Chabwino. Ndiye magaziwo anali a ndani, bwana?"

"Funso limenelo akayankha mwamuna wanuyu kukhoti Lachisanu. Akalephera, chakudyachi muzikapereka kundende."

* * *

Mlonda wa pa labu anafuna kumubweza Esitere, koma ataona nkhope yake anatsegula geti yekha. Esitere anapeza dokotala Abigail, mayi wowonda wa magalasi, atakhala pampando wautali, atagwira tsaya.

"Ndine mkazi wa Gilson. Ndikufuna mundiuze chomwe mumasunga muno, chifukwa kwathu akuti ndi ziwalo za anthu."

"Ziwalo za anthu? Akunena ndani?"

"Aliyense. Inu simunamve chifukwa mawindo anu ali bwinobwino."

Dokotala anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali. Kenako anaimirira, natsitsa pamwamba pa kabati kabokosi koyera kopanda kanthu, kopepuka ngati chitsononkho, kokhala ndi pepala lachikasu lomata m'mbali.

"Kosowako kafanana ndi aka. Tapindani mkono wanu, amayi. Mwaona mnofuwo wakungika? M'kati mwa mnofu muli tinthu tosaoneka ndi maso timene timakoka, ngati anthu okoka chingwe. Dzina lake ndi mayosini. Koma sitikoka mwachisawawa. Tili ndi kapitawo wake, kapuloteni kena kakang'ono kamene kamati kokani, lekani. Kapitawo ameneyo ndi amene anali m'timabotolo ta m'bokosimo."

"Munamuchotsa mwa ndani?"

"Mwa munthu aliyense ayi. Amapanga kunja, kufakitale. Amagwiritsa ntchito tizilombo tating'onoting'ono, n'kutiphunzitsa kupanga kofanana ndi ka munthu, monga telala amasokera diresi poonera lina. Palibe amene anachekedwa, palibe amene anapopedwa."

"Nanga inu mumafuna kutani nako?"

"Mayi akabereka, chiberekero chimayenera kukungika kuti magazi aleke. Kwa amayi ena sichikungika. Ndikufuna kudziwa kuti kapitawo uja amagona chifukwa chiyani."

Zimenezo Esitere anazionapo. Pobadwa Gracious, mtsikana wa pabedi loyandikana naye anatuluka muwodi atafunditsidwa mpaka kumutu, khanda lake likulira m'manja mwa namwino. Koma lero silinali tsiku lomvera ena chisoni.

"Wakuba angakagulitse kuti zimenezo?"

"Kulibe. Zikangosungunuka n'kukhalitsa pa kutentha kwa Okutobala uno, ndi madzi chabe. Ndi zomwe zikundizunguza mutu."

"Nanga magazi omwe mwamuna wanga anakolopa?"

"M'firiji imeneyi simulowa magazi. Za m'timabotolomo n'zoyera ngati madzi akumwa."

"Tsegulani ndione."

Dokotala anazengereza, komabe anatsegula. Munatuluka nthunzi yozizira. M'mashelefu a m'mwamba munali timabokosi tondandalikidwa bwino, koma m'munsi munali mpata waukulu, ndipo madzi oundana a m'mbali anali opalikapalika ngati wina anakankhiramo katundu mokakamiza. Esitere anawerama, mwana ali kumbuyo, nakoka mpweya.

"Nanenso Lolemba ndinamva kafungo," anatero dokotala, "koma mutu wonse unali pa bokosi."

"Iyi ndi mbuzi, adokotala. Tonde."

Anayang'anizana. Mu Zomba magetsi anali atazima kuyambira pakati pa sabata yathayo. Mafiriji a m'makomo anasanduka makabati, a mabutchala ankagulitsa nyama motaya. Munthu wokhala ndi nyama yambiri sabata imeneyo, komanso kiyi wa chipinda chokhala ndi jenereta, sanali wovuta kumuganizira.

"A Henderson ndi mkulu wa mpingo," dokotala analankhula motsitsa. "Malo ano tinatsegula limodzi. Sindingawaloze chala chifukwa cha fungo."

"Koma Gilson munamuloza popanda ndi fungo lomwe."

"Sindine ndinaitana apolisi."

"Anaitana ndani?"

Dokotala anatseka firiji. Analemba nambala yake ya foni pakapepala, nam'patsa Esitere osamuyang'ana kumaso.

"Anaitana ndi a Henderson. Ndipezereni chinthu choti ndingachigwire m'manja."

* * *

Ukwati ukatha ndi pamene ntchito yeniyeni imayamba, ntchito yobweza ziwiya. Lachitatu Esitere atafika ku Sadzi anapeza bwalo la kwa a Henderson lili mbwee mapoto, mabeseni, mbale ndi zidebe, amayi akuzitembenuza chimodzichimodzi kuyang'ana kunsi. Mkazi aliyense wa nzeru zake amalemba ziwiya zake zisanatuluke pakhomo: wina kadontho ka kyutekisi, wina mtanda wa penti yofiira, wina ulusi pachogwirira. Wobwereketsa mbale yosalemba ndiye kuti waipereka mphatso. Chizindikiro cha pakhomo pamenepo chinali mizere iwiri ya penti yobiriwira, yomwe ija ya pachitseko chawo.

Mayi Pauline, akazi a Henderson, anali pakati pa zonsezo, manja m'chiuno, mawu ngati a wolengeza pa perekaniperekani.

"Ii, si amake Gracious awa? Pepanitu, mwana wanga, tamva. Satana ndi wochenjera. Mnyamata wofatsa ngati uja! Khalani, khalani. Kapena gwirani poto uyo, manja akamagwira ntchito mtima umapepuka."

Esitere anagwira poto. Anamukwecha ngati ali naye chifukwa.

"Ndamva kuti ukwati unali wa mnanu, amayi. Ine ndinalephera, mwana anatentha thupi."

"Mwana wanga, mwaphonya! Anthu anadya mpaka kumasula malamba. Funsani aliyense pano ngati panali wodandaula ndiwo."

"Ndi magetsi amenewa? Ife ngakhale usipa ukutivuta kusunga."

"Musatero! Abale a kumudzi anatichita chipongwe. Tinati bweretsani mbuzi zamoyo, iwo n'kubwera nazo Lachinayi zosenda kale, ati kuopa kulipira galimoto. Nkhuku nazonso zososola. Ine ndinangokhala pansi n'kulira. Koma abambo a kunyumba kuno ali ndi njira zawo. Anangoti, Pauline, pukuta misozi. Loweruka m'mamawa nyama inabwera itauma gwa ngati mwala."

"Anakasunga kuti?"

"Mwamuna akakuchotsa manyazi sufunsa kuti wadzera kuti." Mayi Pauline anaseka, natembenukira kwa mayi wina. "Inu, beseni ilo tembenuzani, mizere iwiri ndi langa! Anthu a Mulungu, ziwiya zikutha pano. Madengu a Nasoro, wogulitsa zipatso kuphiri uja, asowa onse awiri. Wabwera pano dzulo maso ali psuu, ati amao, ndigulitsira m'chiyani? Ndachita kumubwereka kabokosi kanga koyera kuti aziyamba wagwiritsa. Kabwino bwanji! Kopepuka, koma ukaikamo chinthu sichitentha. Ndinakalemba kaye, anthu a kuphiri sachedwa kuiwala."

Dzanja la Esitere linaima m'poto.

"Kabokosi kotani, amayi?"

Asanayankhidwe, geti linalira. A Henderson analowa atanyamula jekete paphewa, bambo wa imvi zodulidwa bwino ndi nsapato zonyezimira. Ataona Esitere anaima pang'ono, kenako nkhope yawo inasanduka ya pamaliro.

"Alamu, mwatipeza. Nkhani iyi yandidula miyendo. Gilson ndinamulemba ntchito ndine. Koma tisaweruze, tiyeni tingomupempherera. Chilungamo chili ndi nthawi yake."

"Lachisanu akupita kukhoti, bambo."

"Tidzaona, tidzaona. Pauline, apatse alamu kandiwo, kunyumba kuli mwana."

Anamuninkha jumbo ya nyama yootcha yotsala paukwati. Esitere anaiyang'ana nyamayo. Anafuna kuwaponyera kumaso, koma nyama ilibe mlandu. Analandira ndi manja awiri, nagwada pang'ono monga mwa ulemu, ndipo madzulo ake nyamayo anakaidya Gilson m'chitokosi.

* * *

Lachinayi Esitere sanakazinge mandasi. Anatsatira amayi otola nkhuni m'kanjira kokwera phiri, mwana kumbuyo, masilipasi m'manja pamalo poterera. Thukuta linkalowa m'maso. Pamene amatulukira m'nkhalango ya paini pafupi ndi damu la Mulunguzi, mphepo ya pamwamba inamuwomba ngati wina watsegulanso firiji ija.

Ogulitsa zipatso anali m'mbali mwa msewu, kudikira magalimoto a alendo. Onse anali ndi timadengu ndi mbale zapulasitiki. Mmodzi yekha, bambo wamtali wa kapu yoluka, anali atakhala pafupi ndi chinthu choyera mbee.

"Masitiroberi, amao! Mabulosi! Anga ndi ozizira, a anzangawa ndi phala. Lawani chimodzi, kulawa ndi ulere."

"Ndinu a Nasoro?"

"Ndine amene. Ngati mwatumidwa ndi a nkhalango, ine nkhuni sindidziwa."

Esitere anagwada pafupi ndi bokosilo. M'mbali munali pepala lachikasu, theka litamatuka ndi madzi. Analoza bokosilo ndi chala.

"Tanyamulani ndione kunsi."

"Mukugula zipatso kapena bokosi?"

"Achimwene, mwamuna wanga ali m'chitokosi chifukwa cha bokosi limeneli."

Nasoro anasiya kumwetulira. Ananyamula bokosi mosamala kuti zipatso zisakhuthuke. Kunsi kwake kunali mizere iwiri yobiriwira, penti yake yonenepa, yatsopano.

"Munalilandira muli chiyani?"

"Fungo lokha. Walahi, ndinatsuka ndi sopo kawiri. Mbuzi imeneyo sindikudziwa kuti anaichinja ndani."

"Ndibwerekeni ndipite nalo kupolisi."

"Ngwamba! Ayi, amao. Chinthu cholemba chimabwerera kwa mwini wake, ndi manja omwe anachilandira. Ndikakupatsani, mawa ine ndiye wakuba. Ndipo ine ndi apolisi sitimwera kapu imodzi."

"Ndiye mwamuna wanga akaole kundende chifukwa inu mukusunga mwambo wa mbale?"

"Mwambo umenewo ndi umene wakuonetsani mwini wake. Itanani anthu anuwo abwere kuno, ine sindithawa. Onani miyendo yangayi, ndi yothawira?"

Mufoni mwa Esitere munalibe mayunitsi okwanira kulankhula. Anafulasha nambala ya dokotala, nadikira. Anafulashanso. Ulendo wachitatu foni inalira m'manja mwake.

"Adokotala, chinthu choti mugwire chija ndachipeza. Bwerani kudamu, ndipo mutenge a Dickson."

* * *

A Dickson analitembenuza bokosilo uku ndi uku, nafanizira pepala lachikasu ndi la bokosi lomwe dokotala anabweretsa. Manambala anagwirizana ndi a katundu wosowayo. Anayang'ana mizere yobiriwira, kenako Esitere, napuma mozama ngati munthu amene wauzidwa kuti alembenso zonse.

"Penti ndi penti, mayi. Akhoza kukana. Khoswe akakhala pamkhate sapheka ndi chibonga. Tikafika kumeneko aliyense atseke pakamwa, ndilankhula ine. Inunso a Nasoro, chilichonse ndinganene, mezani."

Ku Sadzi ziwiya zinali zisanathe kubwezedwa. Mayi Pauline anatuluka atamva galimoto. A Dickson anaika bokosi pamwamba pa boneti, nagwira Nasoro pamkono.

"Pepani mayi, ndife apolisi. Bambo uyu tamupeza ndi bokosi ili. Akuti ndi lake, analigula ku Limbe."

"Lake? Nasoro! Iwe Nasoro, ndikubwereke chinthu mwaulemu, lero chasanduka chako? Bwana, tembenuzani! Tembenuzani muone! Mizere iwiri, penti ya chitseko icho. Ndinalemba ndekha ndi dzanja ili."

Nasoro anameza malovu, maso ali kuphiri.

"Ndiye ndi lanu ndithu?"

"Amayi onsewa ndi mboni."

"Munaligula kuti?"

"Silogula. Linabwera ndi nyama Loweruka m'mamawa, pa galimoto ya kuntchito kwa abambo. Timayesa muli madzi oundana a zakumwa. Kutsegula, tinangopezamo timabotolo ngati ta mankhwala a m'maso, topanda ntchito. Ndinatikhuthulira kudzala, tinatentha ndi zinyalala madzulo ake. Koma bokosi labwino chonchi munthu ungataye?"

Dokotala Abigail anatsamira galimoto, natseka maso.

Apo n'kuti a Henderson ataima pakhomo, thaulo lili m'khosi, anabwera kudzadya nkhomaliro. Anaona bokosi, anaona dokotala, anaona Esitere. Mayi Pauline anawatembenukira ndi chimwemwe cha munthu wopambana mlandu.

"Abambo, tawauzeni anthuwa. Si munabwera nalo ndinu?"

Mayi wina anaika mbale pansi mosaliza.

"Pauline, lowa m'nyumba."

"Ndalakwa chiyani?"

"Lowa m'nyumba!"

"Asalowe," anatero a Dickson. "Bambo Henderson, munandiuza kuti sabata yonse ya ukwati simunaponde ku labu."

A Henderson anatsika masitepe, mawu atafewa. "Bwana, tiyeni tikambe ngati akuluakulu. Adokotala, inu mukundidziwa. Kunalibe kuba apa. Nyama ikanaola, ndikanayang'ana bwanji apongozi? Ndinangoisungitsa. Onyamula ndi amene anasokoneza, anakokera zonse za m'munsi. Ine ndinazindikira Lolemba, inu mutayamba kufunafuna. Ndinachita mantha, ndine munthu. Mwana wamkazi amakwatiwa kamodzi."

"Ndiye munaitana apolisi," anatero dokotala.

"Ndimati nkhani izizire kaye. Mnyamatayo ndikanamutulutsa, ndinali nditayamba kale kulankhula ndi anthu."

"Galimoto anayendetsa ndani?" anafunsa a Dickson.

"Dalaivala wa ku ofesi."

"Geti anatsegula ndani?"

"Mlonda. Koma onsewo anali a komiti ya ukwati, ankangothandiza."

Esitere anali atalonjeza kutseka pakamwa. Lonjezolo linathera pamenepo.

"Onse ankadziwa? Dalaivala, mlonda, onse a ku ofesi? Lolemba anaima n'kumaonerera mwamuna wanga akukwezedwa m'galimoto ya apolisi, mbuzi ili m'mimba mwawo? Munakolopetsa munthu magazi a tonde wanu, bambo, kenako n'kumusiya anthu azimutcha namapopa! Mukudziwa chimene amawachita anamapopa chaka chino? Mwala umene unaswa windo langa unagwera pamphasa pomwe amagona mwana uyu. Dzulo mwandipatsa nyama, n'kunditcha alamu. Mwati timupempherere. Mumati tipemphere kwa ndani, poti amene akanamutulutsa anali inu?"

"Alamu, mtima pansi..."

"Mlamu wanu ndani? Mtima wanga musautume, si wantchito wanu."

Mayi Pauline anali atakhala pansi pafumbi, pakati pa mapoto, nsalu kukamwa. A Dickson anatsegula chitseko cha galimoto.

"Tiyeni, bambo. Thaulolo siyani, koma lamba ndi nsapato mukavulira konko."

* * *

Gilson anatuluka madzulo a tsiku lomwelo. Dokotala anafuna kuwaperekeza pa galimoto mpaka pakhomo, koma Esitere anati ayi, aime pamsewu pa anyamata a kabaza. Pamenepo anatsika onse, ndipo dokotala, bokosi lake lofanizira lija lili m'manja, anafotokozera anthu za mbuzi, za firiji ndi za kapitawo wa minofu. Ena anaseka. Ena anagwedeza mitu. Mayi wina kumbuyo anati, "Akanena chiyani, poti ndi bwana wake."

Zomwe nkhaniyi inadya ndi izi.

Windo limodzi, lomwe mpaka lero lili ndi katoni. Ufa, shuga ndi mafuta a mandasi omwe anathera nkhuku za aneba. Malo a pamsewu aja, chifukwa pamene Esitere ankakwera mapiri mayi wina anaikapo beseni lake, ndipo anyamata a kabaza anazolowera mafuta odziwika. Masilipasi omwe anaduka potsika ku Mulunguzi. Nsapato za Gilson, zomwe kupolisi sizinapezekenso, ndi chifuwa chomwe anatuluka nacho m'chitokosi. Eni nyumba anati alibe naye chifukwa Gilson, komabe ndi bwino banjalo lipeze kwina mvula isanagwe.

Timabotolo ta dokotala tinapsa kudzala, ndipo ntchito ya amayi otaya magazi inaima kudikira kuti ena ochokera kunja avomere kutumizanso. Nasoro anataya tsiku la malonda, bokosi linatsala kupolisi ngati umboni, madengu ake sanapezeke.

A Henderson anagona m'chitokosi usiku umodzi, m'mawa akulu a mpingo anakawatenga pa belo. Ntchito inawathera, koma pakalata analemba kuti apuma chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Dalaivala ndi mlonda akadali pa labu pomwepo. Gilson amawapatsa moni m'mawa uliwonse, chifukwa ntchito ndi yosowa. Mwa onse amene anadya mbuzi ija, palibe ndi mmodzi yemwe amene anafika ku Chinamwali kudzati pepani.

Ndipo Gracious anayamba kuyenda Lachitatu la sabata imeneyo, kuchoka pamphasa mpaka pachitseko, akuyang'ana ngati bambo ake akubwera. Esitere anaona yekha. Gilson anangouzidwa.